Mwana Wamkazi ndi Cinsinsi ca M'nyumba



M'dzinja lapitali, pamene miseu ya ku midzi yathu kuno ku Chongwe inali matope okhaokha ndipo misonkhano yathu ya pa Ciweru inali kulephereka kawirikawiri cifukwa ca mvula, ndinapeza mpata wowerenga mabuku anai a nkhani zopeka amene anandibwereka mnzanga wina wa ku koleji. Onse anai analembedwa ndi ana a dziko lino la Zambia, ndipo onse akamba za moyo wa akazi: atsikana, amai ao ndi ambuya ao. Ndisakubiseni, powalandira ndinangocita ulemu cabe. Mumtima ndinati, awa ndi mabuku a atsikana, ine mwamuna ndipezamo ciani? Koma nditatsiriza loyamba tulo tinandithawa, ndipo pofika pa lacinai ndinali nditasintha maganizo pa zinthu zingapo zimene ndinakula nazo.

Cinthu cimodzi cinandigwira mtima m'mabuku onsewa, ndipo ndico ndifuna tikambirane lero. Tonse tinakula ndi mau akuti za m'nyumba sizituluka panja. Ndi mau a ulemu, ndipo asunga mabanja ambiri. Koma olemba awa atifunsa funso limene sitikonda kulimva: kodi cinsinsi ca m'nyumba cikasungidwa, amene acisenza ndani? Yankho lao ndi limodzi. Kawirikawiri acisenza ndi mwana wamkazi, amene sanalakwe kanthu.

Mwana wobisa mabotolo

Buku loyamba ndi Patchwork, lolembedwa ndi amai Ellen Banda-Aaku. Linapata mphoto ya Penguin Prize for African Writing mu 2010, ndipo linasindikizidwa mu 2011. Dzina lake litanthauza nsalu yosokedwa polumikiza zigamba zosiyanasiyana, monga zija asoka ambuya athu pofuna kupanga cofunda.

Nkhani iyambira mu Lusaka mu 1978. Mtsikana wa zaka 9, amene onse amuitana kuti Pumpkin, akhala ndi amai ake, a Totela Ponga, pa mafulati ochedwa Tudu Court. Amaiwo ndi aatali, okongola, odziwa kuvala, ndipo akamadutsa anthu atembenuka. Cimene anansi sadziwa n'cakuti amaiwo ndi cidakwa, ndipo nchito yobisa zimenezi yagwera mwanayo. Atate ake a Pumpkin ndi munthu wolemera wa bizinesi, koma ali ndi mkazi wao wa ukwati ku famu. Tsiku limene adziwa za mowawo, atenga mwanayo napita naye ku famu kuja, m'manja mwa mkazi amene sanamufune konse. Amene amuonetsa cikondi kumeneko ndi wanchito wa m'nyumba, dzina lake Sissy.

Amenewo ndi masiku amene asilikali a Rhodesia anali kulowa m'dziko lathu. Pa 19 Okutobala 1978 ndege zao zinaponya mabomba pa msasa wa Chikumbi, ndipo mu 1979 anagwetsa mlatho wa pa mtsinje wathu wa Chongwe pa mseu wa Great East. Funsani akuluakulu a kwanu, adzakusimbirani. Koma cimene citsalira mu mtima wa Pumpkin mpaka ku ukulu si mantha a ndegezo. M'gawo laciwiri la bukuli timupeza atakula, ataphunzira, ali katswiri wojambula mapulani a nyumba, ali ndi mwamuna ndi ana. Poyang'ana kunja zonse zili bwino. M'kati, sakhulupirira munthu aliyense, ngakhale mwamuna wake yemwe.

Cimene ndayamikira kwambiri n'cakuti wolemba sanamupange Pumpkin kukhala mngelo. Anama, apsa mtima, apweteka anthu osalakwa, ndipo pena ndinali kumukwiyira kwenikweni. Koma nthawi iliyonse ndikakwiya ndinali kukumbukira kuti bodza loyamba sanalipeke yekha. Anaphunzitsidwa ndi akulu ali ndi zaka 9, kuti ulemu wa banja usagwe. Gawo laciwiri lithamanga pang'ono, ndipo ndikadakonda wolemba akadatipatsa zaka za pakati zimene anazidumpha. Ngakhale n'tero, ngati mufuna poyambira, yambirani pa bukuli, cifukwa Cizungu cake n'cosavuta.

Ana a pa maloboti

Laciwiri ndi The Mourning Bird, kutanthauza mbalame yolira maliro. Analemba ndi amai Mubanga Kalimamukwento, amene anaphunzira za malamulo, ndipo linapata mphoto ya Dinaane Debut Fiction Award mu 2019. Ili ndilo linandiliza.

Chimuka ali ndi zaka 11 pamene iye ndi mlongo wake wamng'ono, Ali, asanduka ana amasiye m'zaka za m'ma 1990. Banja lao linali looneka ngati banja lina lililonse, koma linali kubisa zambiri: matenda a Edzi, kusakhulupirika m'ukwati, ndiponso kudzipha. Anawo aikidwa m'manja mwa acibale, ndipo acibalewo ndiwo awazunza, mpaka aona kuti mseu uli bwino kuposa nyumba. Kumeneko aleredwa ndi mankhwala osokoneza bongo, umbava ndi nkhanza za apolisi, ndipo Chimuka pokula akokedwera ku uhule kuti apeze cakudya. Zonsezi zicitika pamene cuma ca dziko cili kugwa ndiponso pamene asilikali ena anayesa kulanda boma nalephera, monga anacitira Captain Solo mu Okutobala 1997.

Chongwe ali pa makilomita ngati 45 cabe kucokera mu Lusaka, ndipo ambiri a ife tipitako kawirikawiri. Ndani wa ife sanaonepo ana aja oima pa maloboti, atagwira kabotolo pamphuno? Ndani sanatsekepo windo la minibasi powaona akubwera? Ine ndinali kuwaona ngati ana osamva amene anathawa makolo. Bukuli likubweza m'mbuyo, likuonetsa mwanayo ali ndi yunifomu, ali ndi amai ndi atate, ali ndi dzina. Likuonetsanso kuti panali akulu ambiri amene anaona zimene zinali kucitika nakhala cete. Makolo athu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Wolakwa akakhala amalume kapena atate aang'ono, banja liopa kuswa mkhate, ndipo mwana ndiye auzidwa kuti atseke pakamwa.

Colakwika cimene ndaona n'cakuti tsoka litsatana ndi tsoka linzake mosapatsa wowerenga mpata wopuma, kotero kuti pena mtima uyamba kuuma m'malo momva cisoni. Koma pamene ndinanena zimenezi pa gulu lathu, mlongo wina amene anawerengako anandiyankha kuti, "Acimwene, inu mwatopa ndi masamba cabe. Nanga amene akhala m'moyo wotere apumira kuti?" Ndinasowa conena.

Misozi ya Matha

Lacitatu ndi The Old Drift, la amai Namwali Serpell, amene anabadwira mu Lusaka mu 1980. Linatuluka mu 2019, ndipo mu 2020 linapata mphoto ya Arthur C. Clarke ku Britain. Ndi buku lalikulu, la masamba opitirira 500. Litsata mabanja atatu kwa zaka zoposa 100, kuyambira pa kamudzi ka azungu oyamba pafupi ndi mathithi a Victoria mpaka kufika m'tsogolo mopeka. Layalidwa motsata mibadwo: ambuya atatu, amai atatu, ndi ana atatu. Pakati pa mitu, gulu la udzudzu ndilo lilankhula, kuseka zocita za anthu.

Mwa akazi onse a m'bukuli, amene sacoka m'maganizo mwanga ndi Matha Mwamba. Ameneyu anali munthu weniweni. Mu 1964, caka ca ufulu wathu, a Edward Mukuka Nkoloso anali kuphunzitsa acinyamata kuti akapite ku mwezi, ndipo Matha anali mtsikana wa m'gululo. Dziko lonse la pansi linaseka, ndipo za Matha zinangomveka kuti anatenga mimba nacoka. Mbiri inathera pamenepo. Wolemba ayambira pamene mbiri inalekera. Atipatsa mtsikana wanzeru zakuthwa amene, atasiyidwa yekha ndi mimba, ayamba kulira, ndipo misozi yake siuma kwa zaka zambirimbiri. Mwana wake Sylvia akulira mu Kalingalinga ali ndi amai amene alipo ndi thupi lokha, pakuti cisoni cawatseka maso ndi pakamwa. Sylvia atsegula saluni, agulitsa thupi lake, ndipo kacirombo kamupeza.

Mwina mudzati, palibe munthu angalire zaka zonsezo. N'zoona, ndipo wolemba adziwa. Wakuza cinthuco dala kuti tione cimene maso athu anazolowera. Kodi m'mudzi mwanu mulibe amai amene anasiya sukulu cifukwa ca mimba, amene aphunzitsi akale akali kunena kuti anali oyamba m'kalasi, koma iwo eni sachulapo za masiku amenewo? Cisoni cosanenedwa sicifera mwa mwini wake. Cipitirira kwa ana.

Ndikucenjezeni kuti bukuli n'lovuta. Cizungu cake n'cakuya, anthu ake ndi ambiri, ndipo m'malo ena wolemba aoneka kukondwera ndi nzeru zake kuposa anthu amene akamba za iwo. Mulinso nkhani za akulu. Ndi la amene anatsiriza Giredi 12 ndipo ali ndi cipiriro.

Mai amene anakana kukhala cete

Lacinai ndi lakale pang'ono, ndipo analemba ndi mwamuna, a Binwell Sinyangwe. Dzina lake ndi A Cowrie of Hope, la mu 2000. Ndaliika pano cifukwa liyankha mabuku atatu aja.

Nasula ndi mai wamasiye wosaphunzira wa ku dera la Mbala. Mwamuna wake atamwalira, acibale a mwamunayo analanda zonse zimene anasiyira mkazi ndi mwana, ndipo Nasula anakana kulowedwa cokolo ndi mlamu wake. Ali ndi mwana mmodzi, Sula, amene wapambana mayeso a Giredi 9, koma pafunika K100,000 ya ndalama za nthawi imeneyo kuti apitirize sukulu. Cuma cokha cimene Nasula ali naco ndi thumba limodzi la nyemba. Alitenga ulendo wautali mpaka ku msika wa Kamwala mu Lusaka, ndipo kumeneko tambwali wovala bwino, Gode Silavwe, amubera thumbalo osalipira.

Mai wina akadabwerera kumudzi nati ndi tsoka langa. Nasula akwera basi yobwerera, koma pa njira atsika nabwereranso mu Lusaka. Agona panja, ayenda ndi njala, afunsa paliponse mpaka amupeza wakubayo. Wapolisi wamng'ono atalandira ciphuphu namumasula, Nasula akwera yekha kukaonana ndi mkulu wa apolisi, nanena mlandu wake ndi pakamwa pake, ndipo ndalama zake zibwezedwa. Ena adzati mathero ake ndi okoma mopitirira, pakuti si masiku onse amene wosauka apeza mkulu wacilungamo. Ndivomera. Koma taonani kusiyana kwake. Pumpkin, Chimuka ndi Sylvia anasenza katundu wa akulu ao. Sula sanasenze, cifukwa amai ake anausenza okha nafuula mpaka anamveka.

Kodi ndi mabuku oyenera ife?

Tsiku lina amai ena acikulire a mu mpingo mwathu anapeza mwana wao akuwerenga The Mourning Bird, natsegula pa tsamba lina, ndipo sanakondwere. Anandiitana nati, "Mwanawe, tinakupatsa ana athu kuti uwaphunzitse makhalidwe, tsono ukuwapatsa zonyansa zotere?" Ndinawamvetsa, ndipo sindinawatsutse kuti m'bukumo mulibe zowawa. Zilimo, ndipo si buku lopatsa mwana wa Giredi 6. Koma ndinawapempha kuti tisiyanitse buku limene likometsera coipa ndi buku limene liulula coipa. Palibe mtsikana angatsirize nkhani ya Chimuka nalakalaka moyo wa mu mseu. Ndinawakumbutsanso kuti nkhani ya Tamara, pa 2 Samueli 13, ndi ya mtsikana wogwiriridwa ndi mlongo wake wa atate mmodzi, amene mlongo wake wina anamuuza kuti asanene kanthu, ndipo nyumba ya Davide sinapeze mtendere cifukwa ca kukhala cete kumeneko. Amaiwo anakhala kanthawi osayankha, kenaka anati ndiwabwereke bukulo iwo ayambe aona okha. Mpaka lero sanandibwezere.

Cimene cisowa

Ngakhale ndawayamikira, mabukuwa ali ndi mpata waukulu umene uyenera kuchulidwa. Onse anai ali m'Cizungu. Mai wonga Nasula sangawerenge nkhani ya Nasula. Kuwapeza kwake n'kovutanso, pakuti ndi odula ndipo ufunika kupita ku masitolo a mu Lusaka. Ndiponso ambiri a iwo ayang'ana moyo wa m'tauni. Nanga mtsikana wa ku Kanakantapa kapena ku Katoba, amene agulitsa tomato m'mbali mwa mseu, amene atengedwa ndi azakhali kuti akaphunzire m'tauni koma nakasanduka wolera mwana wosalipidwa, nkhani yake adzalemba ndani? Adzailemba m'Cinyanja kapena m'Cisoli ndani, kuti ambuya ake aimve ikamawerengedwa? Mwina wolembayo ali pakati pa inu amene muwerenga tsamba lino.

Kwa anyamata anzanga ndinene ici. Amuna ambiri a m'mabukuwa ndi ocititsa manyazi: obereka ana panja, othawa mimba, olanda cuma ca amasiye. Poyamba ndinaona ngati olemba atida. Pambuyo pake ndinadzifunsa kuti ndi uti mwa amunawa amene sindinamuonepo ndi maso anga, ndipo sindinapeze ngakhale mmodzi. Palibe anabadwa wotero. Onse anali anyamata a msinkhu wathu tsiku lina.

Malamulo alipo, pakamwa ndi pathu

Zinthu zina zasintha kucokera m'masiku a Chimuka ndi Nasula, ndipo n'kofunika kuzidziwa. Lamulo la 1989 lonena za cuma ca munthu womwalira wosasiya wilo ligawa motere: magawo 50 pa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, ndi 10 kwa ena amene anali kudalira womwalirayo. Kuyambira mu 1997 mtsikana wotenga mimba aloledwa kubwerera ku sukulu atabereka. Mu 2011 panakhazikitsidwa lamulo loletsa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi. Kuyambira mu 2022 maphunziro m'masukulu a boma ndi aulere mpaka Giredi 12, kotero kuti Sula wa lero safunikira thumba la nyemba la fizi, ngakhale yunifomu ndi zina zikali kufuna ndalama. Ndipo mu 2023 lamulo la ukwati linasinthidwa kuti munthu wosakwana zaka 18 asakwatiwe, ngakhale pa ukwati wa mwambo. Kuno kwathu Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II yakhala ikudzudzula poyera maukwati a ana.

Koma taonani, lamulo la cuma ca amasiye linalipo kale pamene nkhani ya Nasula inali kulembedwa, ndipo olanda sanaleke kulanda. Lamulo silingalowe m'nyumba yotseka ngati palibe wotsegula citseko. Ici ndico mabukuwa andiphunzitsa. Pali cinsinsi coyenera kusunga, monga umphawi wa mnzako kapena matenda amene wakuuza mokukhulupirira. Palinso cinsinsi cimene cimadya mwana. Mnzanu akakuuzani ca mtundu waciwiriwu, musamuuze kuti apirire cabe. Mukhulupirireni, ndipo mupite naye kwa munthu wamkulu wodalirika, kwa aphunzitsi a uphungu, ku ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa, kapena muimbe nambala yaulere ya ana, 116.

Pomaliza, ndipempha magulu athu kuti tiyambe cilimba ca mabuku. Amai athu agula mapoto ndi malata mwa njira imeneyi, nanga ife tilephera bwanji? Gulu lililonse lisonkhe pang'onopang'ono ligule buku limodzi, tikatsiriza tisinthane ndi gulu la mpingo woyandikana nawo. Amene adziwa bwino Cizungu awerenge mokweza namasulira anzao, mutu umodzi pa msonkhano uliwonse, atsogoleri atayamba aona okha kuti ndi loyenera msinkhu uti. Ndipo mukawerenga, kambiranani mafunso awa:

1. Kodi ndi cinsinsi cotani cimene mwana ayenera kusungira makolo ake, ndipo ndi cotani cimene sayenera kusenzetsedwa?

2. Wolakwira mwana akakhala wacibale, banja licite ciani kuti lisaphe mwana pofuna kusunga mkhate?

3. Mtsikana wa pa gulu lathu akatenga mimba, timutani iye, ndipo timutani mnyamata amene anamupatsa?

4. Mwana wonga Chimuka atabwera pa msonkhano wathu Ciweru cikubweraci, angapeze ndani womuuza zoona?

Makolo anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mutilembere kuno ku magazini zimene gulu lanu lapeza. Tsalani bwino.